Za Bokosi Lopanda Misomali

M'nyumba ya Mulungu muli chiwiya china chimene timachiona Sabata ndi Sabata koma sitichiganizira. Guwa timaliyala nsalu yoyera, mabenchi timawapukuta, ng'oma za kwaya timaziwamba padzuwa, koma bokosi la zopereka timangolidutsa, n'kuponyamo kangachepe kathu, basi. Komatu tonse tikudziwa mipingo imene inagawanika chifukwa cha bokosi limeneli pamene pa chiphunzitso inali yogwirizana. Ife a kagulu ka amisiri a matabwa mumpingo wathu kuno ku Tete tapemphedwa kuti tifotokoze m'mene tinapangira bokosi latsopano, ndi chifukwa chake tinalipanga mwa njira imene ena anaiona ngati yotaya nthawi.

Nkhani ya bokosi si yatsopano. Mukawerenga 2 Mafumu 12 mupeza kuti mfumu Yoasi inalamula ansembe kuti akonze ming'alu ya Kachisi ndi ndalama zimene anthu ankabweretsa, koma kufikira chaka cha 23 cha ufumu wake ming'aluyo inali chikhalire. Pamenepo wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pafupi ndi guwa. Likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankabwera onse awiri kudzawerenga ndalamazo, ndipo zinkapita kwa amisiri a mitengo, omanga ndi osema miyala. Chimene chimatikhudza ife pa nkhaniyi n'chakuti Yehoyada sanayambe ndi kufufuza wakuba. Anakonza chiwiya chakuti ndalama ikalowamo isadutsenso m'manja mwa munthu mmodzi ali yekha.

Ambiri a ife si mbadwa za mzinda uno. Tinatsika kuchokera ku mapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga, ena kutsata ntchito za malasha za ku Moatize, ena sukulu, ena malonda, ndipo tinakhala pakati pa eni mudzi olankhula Chinyungwe. Aliyense wochokera kumtunda amakumbukira tsiku lake loyamba m'chigwa cha Zambezi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mphepo imene imalowa pazenera imakhala ngati yachokera mu uvuni. Thabwa nalonso limamva zomwezo. Lobwera nalo kuchokera kozizira, kapena locheka dzana, likafika kuno limataya madzi ake n'kufota m'lifupi. Misomali siifota nalo. Imatsala ikugwedera m'mabowo ake, ndipo ngodya za bokosi zimayamba kuyasama.

Ndi zimene zinachitikira bokosi lathu lakale, lija la matabwa a paini okhomedwa ndi misomali. Mbali imodzi inkakanuka ndi chala chabe, ndipo munthu akanatha kuibwezera n'kuimenya pang'ono osasiya chizindikiro chilichonse. Palibe anagwidwa akuchita zimenezo, ndipo ife tikukhulupirira kuti palibe anachita. Koma mwezi wina zopereka zitatsika, mawu anayamba kuyenda kunja kwa tchalitchi, ndipo anagwera atumiki awiri amene ankanyamula bokosilo kupita nalo kuchipinda. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wotumikira zaka zambiri, anapempha kuti atule udindo. Sanakwiye. Anangoti safuna kuti ana ake azimva dzina lake kumsika.

Pa bwalo la akulu a mpingo maganizo anali angapo. Ena anati tigule thiranki lachitsulo. Achinyamata anati masiku ano bokosi n'lachiyani, pamene aliyense angathe kupereka pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo ndalama imasiya mapazi ake m'foni. Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo ena ayamba kale kupereka motero. Koma amayi a Chigwirizano anafunsa za agogo opanda foni, ndi za mwana wa Sande Sukulu amene wafumbata kandalama kachitsulo kuchokera kunyumba. Pa Marko 12 Ambuye anakhala pansi moyang'anana ndi mosungiramo zopereka, ndipo amene anamuyamikira anali wa timakobiri tiwiri. Chotero bwalo linagamula kuti bokosi likhalepo, koma likhale lakuti munthu sangalitsegule mobisa popanda kuliswa. Ntchitoyo inaperekedwa kwa ife.

Mkulu wa kagulu kathu ndi agogo ena amene anaphunzira ukalipentala ku Dedza, m'zaka zimene anthu ambiri a chigawo chino anathawira ku Malawi, ndipo anabwerera kwawo pangano la mtendere la ku Roma la 1992 litasainidwa. Iwo anati yankho n'lodziwika: ngodya zilumikizidwe ndi mano olowana, aja otambasuka ngati mchira wa mbalame, odulidwa ndi sowo ndi tchizulo. Vuto linali lakuti maso awo sakuonanso bwino mzere wa pensulo, ndipo pakati pa anyamata athu panalibe amene dzanja lake lakhwima kufika pamenepo. Apa ndi pamene mbale wina anatchula makina ake amene anagula ku South Africa, aja amisiri a kuno amawatcha tupia, ndipo abale a ku Malawi ndi ku Zambia amawadziwa ndi dzina lakuti router. Agogo aja sanakondwe nazo. Anati makina amenewo ndi okongoletsera m'mphepete mwa makabati a anthu a ndalama, ndipo mnyamata wophunzira pa makina amakula ali ndi manja a mlendo. Tinakambirana Loweruka ziwiri zathunthu, ndipo anavomera pokhapokha titagwirizana kuti iwo ndiwo adzayese ndi kuvomereza chilichonse thabwa lenileni lisanadulidwe.

Kalumikizidwe kamene tinasankha n'kosavuta kukamvetsa. Pindani manja anu monga popemphera, zala za dzanja lamanja zilowe m'mipata ya dzanja lamanzere. Kumapeto kwa thabwa lililonse timadula mipata yolingana, n'kutsala zala zolingana nayo, ndipo matabwa awiri amakumana pangodya chimodzimodzi. Mphamvu yake yagona pa khalidwe la mtengo. Kumutu kwa thabwa, kumene mitsempha yake yadulidwa, kumamwa guluu ngati mchenga, choncho matabwa ongogundanitsa mitu sagwirana kwenikweni, n'chifukwa chake amafuna misomali. Koma m'mbali mwa zala guluu amagwira molimba zedi, ndipo pangodya iliyonse ya bokosi lathu pali malo 18 otere. Chinanso n'chakuti mitsempha ya matabwa onse anayi imayenda mozungulira bokosi, motero nyengo ikasintha onse amafota kapena kufufuma pamodzi, ndipo palibe limene limakoka linzake. Njira imeneyi inafala m'mafakitale a mabokosi makina atachuluka, ndipo kufikira lero ming'oma yambiri ya njuchi yamakono imalumikizidwa motero, pakuti imakhala panja pa dzuwa ndi mvula.

Tebulo la makina tinapanga tokha. Tinatenga pulayiwudi wokhuthala, tinaboola pakati, n'kumangirira tupia chadodolido kunsi kwake kuti kampeni kake kokha katulukire pamwamba. Kenaka tinapanga chimene amisiri a kuno amati gabarito, ife tinkangoti chikombole, poti ntchito yake ndi yofanana ndi ya chikombole cha njerwa: muyeso umakhala m'chiwiya, osati m'maso mwa woumba. Chikombole chathu ndi thabwa loimirira, lomangidwa pa kathabwa kotsetsereka pakati pa timitengo tiwiri tokhomedwa patebulo, kuti lizipita kutsogolo ndi kubwerera osapatukira kumbali. M'munsi mwa thabwa loimiriralo muli kachikhomo ka mtengo wolimba kotulukira kutsogolo. Ife tinasema ka tsanya.

Nzeru yonse ili pa kachikhomo kameneka. Pali miyeso itatu imene iyenera kufanana ndendende: kukula kwa mpata umene kampeni kamadula, kunenepa kwa kachikhomo, ndi mtunda wa pakati pa kachikhomo ndi kampeni. Thabwa loyamba mumaliimika ndi mutu pansi, m'mphepete mwake mutagunda kachikhomo, n'kukankha chikombole kudutsa pa kampeni. Mpata woyamba wadulidwa. Mumanyamula thabwa, n'kuveka mpata umenewo pa kachikhomo, n'kukankhanso. Mpata uliwonse umayezedwa kuchokera pa unzake wapambuyo, kufikira thabwa litatha. Thabwa lachiwiri liyenera kuyamba ndi mpata pamene loyamba layamba ndi chala, choncho mumatembenuza loyamba lija, kuliveka pa kachikhomo, n'kugundika lachiwiri pambali pake podula koyamba. Palibe kulemba ndi pensulo, palibe rula.

Zikumveka zophweka, komatu kukonza miyeso itatu ija kunatitengera tsiku lonse, pamene kudula kwenikweni kunatha masana amodzi. Mtunda wa pakati pa kachikhomo ndi kampeni ukachepa, zala zimatuluka zoonda ndipo ngodya imagwedera. Ukachuluka, zala zimanenepa, ndipo mukazikakamiza ndi hamala thabwa limang'ambika. Kusiyana kwa ziwirizi n'kochepa ngati kukhuthala kwa pepala. Palinso msampha wina umene tikufuna kuchenjeza amisiri anzathu. Timipeni tina timagulitsidwa m'miyeso ya mamilimita, tina m'mainchi. Kathu kanali ka theka la inchi, ndiko kuti mamilimita 12.7, pamene poyang'ana ndi maso munthu angati ndi 12. Agogo aja anakana rula pa chifukwa chimenechi. Anati tidule mpata umodzi pa chidutswa chotaya, ndipo anapala kachikhomo ndi puleni pang'onopang'ono, akuyesa m'mpatamo, kufikira kanalowa ndi kukankha kwa chala chachikulu koma osagwa atakazondotsa. Mtunda ujanso anauyesa ndi chidutswa chotsala cha kachikhomo komweko. Kenaka tinadula zidutswa ziwiriziwiri zoyesera, iwo akugogoda chikombole ndi chigwiriro cha tchizulo kuti chisendere pang'ono, n'kupempha kuti tidulenso. Sankayang'ana n'komwe. Ankalumikiza zidutswazo ali chitsinzinire, n'kumvetsera m'manja. Ulendo wachisanu ndi pamene anati, “Tsopano mangani zomangira, asakhudzenso munthu.”

Matabwa athu anali okhuthala mamilimita 18. M'lifupi tinawasiya okulirapo pang'ono kuposa magawo 19 a muyeso wa kampeni, ndiko kuti mamilimita 241 ndi pang'ono, kuti matabwa awiri ayambe ndi kutha ndi chala chathunthu, ndipo chotsala tinadzapala pambuyo pake. Kampeni tinakakweza kuti kapyole kukhuthala kwa thabwa ndi theka la milimita, chifukwa zala zotulukira pang'ono zimasalazidwa mosavuta, koma zoperewera zilibe mankhwala. Mipata yonse ya bokosi inakwana 76. Pofuna kuti makina asalemedwe, mpata uliwonse tinkaudula kawiri, poyamba theka la kuya kwake, kenaka konse. Kumbuyo kwa thabwa kunali kathabwa kena kotchinjiriza kuti kampeni potuluka kasanyotsole m'mphepete.

Odula anali achinyamata anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi wa m'kwaya amene amayi ake anachita kubwera kudzaona ngati n'zoona. Palibe mwa iwo amene anagwirapo makina otere. Tinawapatsa malamulo ochepa koma osakambirana. Kampeni kamazungulira maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi, ndipo sikasiyanitsa chala cha thabwa ndi chala cha munthu, choncho thabwa limamangidwa ku chikombole ndi chopanira, ndipo manja amagwira kumtunda, kutali. Posintha kanthu kalikonse, waya amazulidwa kukhoma, osangozimitsa. Maso ndi mphuno zimatchingidwa, ndipo malaya a manja aatali amapindidwa. Lamulo lomaliza linali la utuchi: asanaveke thabwa pa kachikhomo, apukute. Kanyenyeswa kamodzi kokhala pansi pa thabwa kamalipendeketsa. Ndiponso thabwa limodzi likamasendera ndi gawo laling'ono chabe, tinene 0.2 wa milimita pa mpata uliwonse, pofika kumapeto kusiyanako kumayandikira mamilimita awiri, ndipo limakanirana ndi linzake ngakhale poyambira pakuoneka bwino. Mtsikana uja ndiye anali wosamala koposa pa zimenezi, ndipo mbali ziwiri zimene iye anadula zinalowana popanda kugogoda.

Tinene pang'ono za mtengo. Tinafuna mlombwa, umene kuno umatchedwa umbila, uja ukaudula umakha madzi ofiira ngati magazi. Sufota kwambiri pouma, chiswe sichiukonda, ndipo umadulika bwino. Koma mlombwa wa masiku ano ndi wodula ndipo nthawi zambiri umafika kumsika uli wauwisi. Tonse okhala mumzinda uno tinaona malole a zipika akuwoloka Zambezi usana ndi usiku kulowera ku doko la Beira. Boma linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira mu 2017, ndipo mu 2022, pa msonkhano wa CITES ku Panama, mlombwa, msambamfumu ndi mbawa za mu Africa zinaikidwa m'gulu la mitengo imene malonda ake a pakati pa mayiko ayenera kuyang'aniridwa. Malamulo alipo, koma mtengo umene unadulidwa sumeranso m'badwo umodzi. Ife sitinagule thabwa ngakhale limodzi. Kuseri kwa tchalitchi kunali benchi lakale lothyoka miyendo, lochokera m'nyumba yopempherera yoyamba ija ya udzu, ndipo titalipala tinapeza kuti ndi mlombwa wouma zaka makumi. Bokosi silifuna matabwa aatali, ndipo uwu ndi ubwino wina wa ntchito yotere: zidutswa zimene ena akanasonkhera moto zimakwanira.

Kumata guluu tinachita m'bandakucha. Guluu woyera amapatsa munthu mphindi zochepa asanayambe kugwira, ndipo kutentha kwa kuno kumazichepetsanso. Masana a Novembala mukhoza kupaka ngodya yachinayi yoyamba itauma kale. Tinakumana itangokwana 4 koloko, anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ndi kamtengo kopakira ndi ngodya yake. Thabwa lapansi ndi lapamwamba tinalowetsa m'tingalande timene tinadula m'kati mwa mbali zinayi, losamata, kuti likhale ndi malo opumira koma lisatuluke. Tinapanikiza, tinayesa kuchokera ngodya kufika ngodya yopingasa mbali zonse ziwiri kuti miyeso ifanane, ndipo dzuwa potuluka tinali tikumwa tiyi. Bokosilo linali lotsekeka mbali zonse ngati dzungu. Patapita masiku awiri agogo aja anatenga sowo yawo n'kulicheka mozungulira kuti chivundikiro chilekane ndi thunthu. Ntchito imeneyi sanalole kuti makina aikhudze, ndipo mzere wawo unakumana pomwe unayambira.

Zotsalazo zinali za bwalo la akulu. Zomangira za mahinjesi zili m'kati, zosafikirika bokosi likatsekedwa. Kunsi kwa kabowo koponyera tinaika kathabwa kopendekera, kuti cholowa chisakokedwenso ndi waya. Maloko ndi awiri, kiyi wina ali ndi msungichuma, wina ndi mkulu wa mpingo wa mwezi umenewo, ndipo bokosi limatsegulidwa pamaso pa anthu atatu. Bambo uja anabweza pempho lake lotula udindo. Ndi iye amene analinyamula Sabata loyamba.

Kodi agogo aja anasintha maganizo pa za makina? Osati kwenikweni, ndipo ife sitikufuna kuwanamizira. Amanenabe kuti mano odulidwa ndi dzanja amagwira ngakhale guluu atatha mphamvu, pamene zala zowongoka zimadalira guluu, ndipo pamenepo akunena zoona. Amanenanso kuti tsiku limene magetsi kulibe, mnyamata wa makina amakhala pansi, pamene wa tchizulo amagwira ntchito. Apanso sitingawatsutse, makamaka poganizira abale athu a kumidzi kumene waya sunafike. Koma ife tinaona chinthu chimene iwo sakuchiwerengera. Luso lawo la zaka zonsezi, limene maso awo akulephera kulitsata, linalowa m'kachikhomo kaja tsiku limodzi, ndipo ana anayi osadziwa kanthu anadula nalo mipata 76 yolingana. Popanda iwo chikombolecho chikanangochulukitsa zolakwika mwaliwiro. Ndipo awiri mwa achinyamata aja, ataona m'mene manja awo amamvera thabwa, anawapempha okha kuti awaphunzitse kunola tchizulo, chinthu chimene takhala tikuwaitanira zaka zingapo osabwera.

Kuphunzitsa ntchito zamanja pabwalo la tchalitchi si chinthu chachilendo kwa ife. Ku Nkhoma, ku Blantyre ndi ku Livingstonia ukalipentala unkaphunzitsidwa pamodzi ndi kuwerenga. Kwathu kuno mishoni ya ku Mphatso inatsegulidwa mu 1909, koma boma la Apwitikizi linathamangitsa amishoniwo mu 1922, ndipo makolo athu anasunga chikhulupiriro zaka zambiri popanda sukulu zotere, akuwoloka malire kukalandira Mgonero. Lero ana athu ambiri amatsiriza sukulu n'kumadikira ntchito ya kumigodi imene imabwera ndi kupita. Sitikunena kuti bokosi limodzi lithetsa zimenezo. Koma m'misewu ya ku Matundo ndi ku Chingodzi muli amisiri ambiri okhoma mabedi ndi zitseko, pamene odziwa kupanga kabati ya madirowa osakanuka ndi ochepa, ndipo wogula amasiyanitsa.

Chikombole chija tachipachika m'chipinda cha atumiki, kutali ndi chinyezi, ndipo kampeni kake takamangirira pomwepo ndi chingwe, pakuti kampeni kena sikangagwirizane nacho. Ntchito yotsatira ndi bokosi la ziwiya za Mgonero, zimene pakali pano zimayenda m'katoni popita ku nthambi za mpingo, ndi lina la mabuku a maina a obatizidwa, limene chiswe chayamba kale kuliyendera. Amene muli ndi chitseko chakale, mwendo wa tebulo kapena thabwa lililonse louma la mlombwa kapena mbawa, ngakhale lalifupi ngati mkono, musalisonkhere moto, mutiuze tidzatenge. Abale a mipingo ina amene mungafune kupanga chikombole chanu, bwerani ndi kampeni kanu komwe, kuti kachikhomo kadzasemedwe pa muyeso wake. Timakumana Loweruka lililonse kuseri kwa tchalitchi kuyambira 5 koloko m'mawa, ndipo timaweruka dzuwa lisanafike pamutu.